Chotupa pa khungu la bulu kapena kavalo: zoyenera kuchita musanagwire lezala

Bulu wabwerako ku msika wa Lizulu, mwamasula ngolo, ndiye pomusisita mwapeza kachotupa kuseri kwa khutu kapena m'mphechepeche. Ambirife pamenepa timachita chimodzi mwa zitatu: kukadula ndi lezala, kukamanga ndi mphira wa chubu kuti kagwe kokha, kapena kukapaka oilo wakuda wa galimoto. Pakatha miyezi iwiri, pamene panali kanthu konga nzama pamakhala chimnofu chofiira chonga phwetekere wophulika, magazi ali chuchuchu, ntchentche zitaunjirira, ndipo bulu sangavalenso lamba.

Akavalo ndi ochepa kuno kwathu. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kupatula ng'ombe, wokoka ngolo za mbatatesi ndi kabichi ndi bulu. Koma khungu la awiriwa limadwala mofanana, choncho malangizowa ndi a onse, ndipo pamene asiyana ndinena.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Chingwe chofewa chomangira kumutu, ndi munthu wachiwiri amene chiwetocho chinamuzolowera
- Magolovesi, kapena majumbo awiri oyera ngati magolovesi palibe
- Sopo, ndowa yoyera, ndi madzi owiritsa amene azizira
- Mchere wa kukhitchini ndi supuni yaing'ono ya tiyi
- Ayodini wotsukira zilonda, wa mtundu wa povidone
- Thonje kapena tinsalu toyera towiritsa, bandeji, ndi sizasi
- Thermometer ya manambala, yomwe ija amagulitsa ku famase
- Rula kapena tepi ya atelala, foni yojambula, kope ndi cholembera
- Vaseline
- Nambala ya foni ya alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), kaya ndi Bembeke, Linthipe, Lobi, Tsangano kapena Njolomole

Lezala ndi mpeni mulibe m'ndandandawu. Sikuti ndaiwala.

Sitepe 1: Gwirani chiweto modekha

Chitani izi masana, poyera, osati m'khola la mdima. Mnzanuyo agwire kumutu, ndipo nonse awiri muime mbali imodzi ya chiweto, kuti chikadzidzimuka chithawire kumene kulibe munthu. Yambani kusisita pa khosi ndi pa phewa, dzanja liziyenda pang'onopang'ono mpaka lifike pa chotupa.

Chenjezo: bulu samenya chakumbuyo kokha. Mwendo wake wakumbuyo umafika kutsogolo ndi cham'mbali, ndiye poyang'ana kunsi kwa mimba musagwade ndipo musalowetse mutu. Weramani mutaima pa phewa.

Sitepe 2: Onani chiweto chonse musanaone chotupa

Maso amathamangira pa chotupa n'kuiwala mwini chotupayo. Kodi akudya? Akupuma bwanji? M'mphuno mukutuluka kanthu? Pakani Vaseline pa thermometer, ilowetseni kotulukira ndowe mutaima pambali, muigwiritse mpaka ilire. Kavalo wabwinobwino amakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Bulu amakhala wotsikirapo pang'ono, cha m'ma 37, moti bulu akapitirira 38 muyambe kukayika.

Mukaona chimodzi mwa izi, siyani zonse muimbe foni tsiku lomwelo:

- Tizenje tija ta pamwamba pa maso tadzaza n'kutupa, mutu ndi khosi zikutupanso, thupi latentha, kupuma kukuvuta. Awa akhoza kukhala matenda aja otchedwa African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'mamawa nyengo ya mvula. Amapha akavalo ambiri amene awagwira. Abulu kawirikawiri amawapirira.
- Mphuno kapena mlomo watupa mwadzidzidzi atabwera kodya msipu. Ganizirani njoka kapena njuchi. Kavalo ndi bulu sapumira m'kamwa ngati ife, ndiye mphuno ikatsekeka moyo uli pa chiswe.
- Pansi pa nsagwada patupa, m'mphuno mukutuluka mamina a mafinya, thupi latentha.
- Bulu wasiya kudya. Bulu amabisa ululu kuposa kavalo. Akangozyolika n'kumanunkhiza msipu osadya, ndiye kuti zafika kale patali.

Sitepe 3: Papasani, ndipo dzifunseni mafunso asanu

Valani magolovesi. Zotupa zina za ziweto zimapatsira anthu, makamaka chipere ndi zina zotuluka mafinya.

Choyamba, chabwera liti: usiku umodzi, kapena chakhala chikukula miyezi? Chachiwiri, n'chotentha ndi chopweteka, kapena chiweto sichikusamala n'komwe mukachigwira? Chachitatu, n'cholimba ngati mwala, chofewa ngati thumba la madzi, kapena chikusiya kadzenje mukadina ndi chala? Chachinayi, ubweya ulipo pamwamba pake kapena wathothoka? Chachisanu, chili pati: pokhudza lamba ndi goli, pa diso, kunsi kwa mchira, pa mchombo, pa chipsera chakale?

Mukatero fufuzani thupi lonse. Zotupa zimakonda malo amene sitiyang'ana: m'makutu, m'khwapa, m'mphechepeche, kumaliseche, kunsi kwa mchira. Mukapeza chimodzi, kawirikawiri pamakhala china chobisala.

Chenjezo: kupapasa si kufinya. Musakande nkhanambo kuti muone za mkati.

Sitepe 4: Yezani, jambulani, lembani

Apa ndi pamene anthu amanyozera, chonsecho ndi pamene pamathandiza kwambiri dokotala. Ikani rula pambali pa chotupa, kapena chitsekero cha botolo la Fanta ngati rula palibe, mujambule zithunzi ziwiri: china chapafupi, china choonetsa pamene chotupacho chili pa thupi. Lembani tsiku, m'litali ndi m'lifupi mwake m'masentimita. Bwerezani pakatha sabata, kenaka mwezi uliwonse.

Maso amanama. Chinthu chimene mumachiona tsiku ndi tsiku simudziwa kuti chikukula mpaka mlendo atakuuzani. Komanso alangizi ali ndi midzi yambiri pa njinga imodzi, ndiye chithunzi chabwino cha pa WhatsApp chimawathandiza kudziwa ngati abwere lero kapena Lachisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sitepe 5: Zindikirani gulu la chotupacho

Zobwera mwadzidzidzi

Ziwengo zimatuluka zambiri nthawi imodzi pa khosi, m'nthiti ndi pa msana, zaphwatalala, ubweya uli bwinobwino, ndipo mukadina zimasiya kadzenje. Zimayamba ndi kulumidwa ndi tizilombo, chakudya chachilendo kapena mankhwala. Zambiri zimatha zokha pa tsiku limodzi kapena awiri.

Chotupa cha magazi chimabwera chiweto chikamenyedwa ndi chinzake, chikagundidwa ndi mtengo wa ngolo, kapena, tinene zoona, chikakwapulidwa ndi chibonga. N'chofewa, chimagwedezeka ngati madzi m'jumbo, ndipo chimakonda pa chifuwa ndi pa ntchafu.

Chithupsa chimayamba cholimba, chotentha ndi chopweteka, kenaka pakati pake pamafewa. Chimachokera ku minga, kulumidwa ndi nkhupakupa, kapena jakisoni wobayidwa ndi singano yakuda. Chithupsa cha pansi pa nsagwada chokhala ndi mamina a mafinya n'china: awa ndi matenda opatsirana otchedwa strangles, ndipo amatha kuyenda khola lonse kudzera m'ndowa imodzi yomwera madzi.

Za pokhudza lamba ndi goli

Pa khosi, pa phewa, pa chifuwa ndi pa msana pamatuluka zotupa za kukhuzika. Zimayamba ngati kutupa kotentha madzulo a tsiku la ntchito, kenaka ubweya umathothoka, khungu limalimba ngati chikumba, mapeto ake chilonda. Izi ndiye zochuluka kwambiri pa abulu athu, ndipo chifukwa chake n'chodziwika, tidzachifika pa sitepe 9.

Za ana a ziweto

Njerewere zing'onozing'ono zambiri pa milomo ndi pa mphuno pa chiweto chosakwana zaka 3 zimatha zokha pakapita miyezi ingapo. Zisiyeni. Ingopewani kumwetsa ana ena m'ndowa yomweyo. Koma "njerewere" pa chiweto chachikulu, makamaka ikakhala yokha ndipo si pa mlomo, muiyese sarcoid mpaka dokotala atanena zina.

Chotupa chofewa cha pa mchombo chimene chimalowa mkati mukachikankha ndi chala ndi chophukacho. M'katimo mukhoza kukhala matumbo. Chaching'ono chimatha kutsekeka chokha mwana asanakwane chaka. Chikalimba, kutentha, mwanayo n'kumagubuduka ndi m'mimba, ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Sarcoid, chotupa chimene chimakwiya

Pa zotupa zonse zomera pa khungu la akavalo ndi abulu, chofala kwambiri ndi sarcoid. Chimagwirizana ndi kachilombo komwe kamayambitsa njerewere pa ng'ombe, ndipo akatswiri amaganizira ntchentche kuti ndizo zimakanyamula kukafika pa zilonda. Kwathu kuno bulu amagona khola loyandikana ndi la ng'ombe, ndiye nkhaniyi si yakutali.

Chovuta chake n'chakuti chimasintha nkhope. Pena chimangokhala kamalo kozungulira kopanda ubweya, kotuwa, kofanana ndi chipere. Pena chimakhala chokakala ngati njerewere ya nkhanambo. Pena ndi kampira kolimba pansi pa khungu, konga nzama kapena dzira la nkhunda, ubweya uli bwinobwino pamwamba. Pena ndi mnofu wofiira wonyowa wotuluka magazi. Pena zonsezi zimasakanikira pamalo amodzi, ndipo mwa apo ndi apo pamakhala cholusa chimene chimayala timizere ta zotupa pansi pa khungu. Chimakonda kuzungulira maso, makutu, m'khwapa, kunsi kwa mimba, m'mphechepeche ndi pa zipsera zakale.

Kusiyanitsa ndi chipere: chipere chimachulukana m'masabata ochepa, chimagwira ziweto zina ngakhale ana a pakhomo, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena itatu ubweya umameranso. Sarcoid imakhala pamalo pomwepo miyezi ndi miyezi.

Sarcoid siyenda kukafika ku mapapo kapena ku chiwindi. Koma mizu yake imayala m'khungu looneka labwino lozungulira, ndiye mukadula chapamwamba, kuwotcha kapena kukanda, chotsalacho chimabwerera chachikulu ndi cholusa kuposa kale. Ine ndinaziona pa bulu wa malume anga. Kanali kanthu kouma pa khutu, zaka ziwiri osavuta munthu. Tsiku lina anati, "Mphwanga, tagwira mutuwu, tikachotse kameneka kakunyansa." Ndinagwira. Mvula isanathe khutu lonse linali litalemera ndi mnofu, likulendewera, ndipo bulu uja sankalolanso munthu kufika kumutu kwake.

Zotupa zakuda za akavalo otuwa

Kavalo wotuwa kapena woyera chifukwa cha kukula, akamakalamba, kawirikawiri amamera zotupa zakuda zolimba kunsi kwa mchira, kuzungulira kotulukira ndowe, kumaliseche, kapena kunsi kwa khutu. Dzina lake ndi melanoma. Zambiri zimakula pang'onopang'ono kwa zaka, koma zina zimatseka njira ya ndowe kapena kufalikira mkati. N'zosavuta kuchotsa zikadali zazing'ono. Eni abulu musade nkhawa ndi utoto wa bulu wanu: kutuwa kwa bulu n'kwina, ndipo melanoma siwoneka kawirikawiri pa abulu.

Khansa ya pa khungu loyera

Pamene khungu lilibe utoto wakuda, monga m'zikope, pa kachikope kamkati ka pa ngodya ya diso, pa mphuno yoyera ndi pa chida cha champhongo, pamatha kuyamba kachilonda kosapola kapena kamnofu konga kolifulawa. Iyi ndi khansa imene dzuwa limathandizira, ndipo ikachedwa imafalikira. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumtunda dzuwa limawotcha khungu kwambiri ngakhale mphepo ikuzizira. Diso limene lakhala likutuluka misozi kapena mafinya mbali imodzi kwa masabata, litsegulidwe bwino lionedwe, osangoti ndi fumbi la pa M1.

Zotupa zondondozana

Mukaona timatupa tondondozana ngati mikanda pa mwendo, pa chifuwa kapena pa khosi, tikuphulika n'kutuluka mafinya, patulani chiwetocho ndipo dziwitsani alangizi. Pali matenda otchedwa epizootic lymphangitis amene amazunza kwambiri akavalo okoka ngolo ku Ethiopia, ndipo amayenda ndi malamba obwerekana ndi ntchentche. Si chithupsa wamba ayi.

Mnofu wofiira: pamene ngakhale odziwa amasokonezeka

Chilonda chimene chatukuka mnofu wofiira wosapola chikhoza kukhala chimodzi mwa zinthu zinayi, ndipo ndi maso okha zimafanana. Ukhoza kukhala mnofu wongopitirira muyeso pa chilonda, umene umakonda kumunsi kwa bondo chifukwa khungu la kumeneko limakokeka chiweto chikamayenda. Chikhoza kukhala chilonda cha nyengo ya mvula: ntchentche zimatola ana a njoka za m'mimba zotchedwa Habronema mu ndowe n'kukawasiya pa chilonda, pa ngodya ya diso kapena kumaliseche. Chotere chimayabwa kwambiri, chimakula m'dzinja n'kuphwa m'nyengo yozizira, ndipo mkati mwake mumaoneka timbewu tachikasu tolimba tonga mapira. Chikhoza kukhala sarcoid imene yamera pa chilonda. Chikhozanso kukhala khansa.

Mankhwala a chimodzi amaononga chinzake. Mnofu wopitirira muyeso dokotala amausenga n'kupola, koma kusenga komweko pa sarcoid ndi kuthira palafini pa moto. Lamulo langa ndi ili: chilonda chimene mwachisamala bwino masabata atatu koma sichikuchepa, chasiya kukhala chanu.

Sitepe 6: Thandizani zimene zingathandizike pakhomo

Konzani madzi otsukira: supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita la madzi owiritsa. Mukafuna kuthira ayodini, thirani pang'ono mpaka madzi aoneke ngati tiyi wopepuka wopanda mkaka. Ayodini wosasungunula amapsereza mnofu watsopano.

Ziwengo: ikani chiweto pamthunzi, thirani madzi ozizira, ndipo ganizirani chimene chasintha dzulo ndi dzana. Zikapitirira masiku awiri, kapena nkhope ikatupa, imbani foni.

Chotupa cha magazi: madzi ozizira mphindi 15 mpaka 20, kawiri kapena katatu pa tsiku, masiku awiri oyamba. Chiweto chipume. Musaboole. Magazi otsekeredwa mkati ndi oyera, ndipo mukabowola mwalowetsa tizilombo n'kusandutsa chithupsa, pena n'kuyambitsanso kukha magazi. Chachikulu dokotala amatha kuchitsegula pakatha sabata kapena kupitirirapo.

Chithupsa: viikani nsalu m'madzi ofunda amene dzanja lanu lingapirire, muike pa chithupsa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku, mpaka chipse. Chikaphulika chokha, metani ubweya wozungulira ndi sizasi, tsukani mkati ndi madzi a mchere kawiri pa tsiku, ndipo musalole kukamwa kwake kutsekeka mkati musanaume. Pakani Vaseline kumunsi kumene mafinya akutsikira kuti khungu lisasupuke. Thonje logwiritsa kale ntchito litenthedwe. Chithupsa chakuya, kapena cha pafupi ndi diso, pakhosi, pa mfundo ya mwendo, atsegule ndi dokotala.

Chenjezo pa strangles: chiwetocho chikhale pachokha, ndi ndowa yake, chingwe chake, ndipo muzichisamalira pomaliza mutathana ndi zinzake. Chimatha kupatsirabe masabata angapo chitaoneka kuti chachira. Musathamangire kubaya penicillin nokha, chifukwa chithupsa chikayamba kale mankhwalawa amatha kungochedwetsa kupsa kwake. Dokotala ndiye aone.

Chilonda cha ntchentche cha m'dzinja: chimafuna mankhwala a njoka za m'mimba a ivermectin, omwetsa, pa mlingo wa kulemera kwa chiweto umene alangizi akuuzeni, pamodzi ndi kutsuka ndi kuphimba chilondacho. Ivermectin wa jakisoni wa ng'ombe musabaye kavalo kapena bulu mu mnofu, amatha kutupitsa koopsa pobayapo.

Pa chilonda chilichonse chotseguka funsani za katemera wa kafumbata. Akavalo ndi abulu amagwidwa kafumbata msanga kuposa ziweto zambiri, ndipo akagwidwa ochira ndi ochepa.

Sitepe 7: Zimene simuyenera kukhudza, ndi zimene dokotala angachite

Sarcoid, melanoma, khansa, chophukacho, chilichonse cha pa diso, ndi chilichonse chimene simukuchidziwa: ntchito yanu ndi kuteteza ku ntchentche, kuchotsa lamba wokhudzapo, kuyeza ndi kujambula. Basi.

Yambirani kwa alangizi a ziweto a kwanu. Iwo akaona kuti zawakulira adzakulozerani ku ofesi ya ziweto ya pa boma kapena kwa madokotala a ku Lilongwe, komwe kulinso labotale yaikulu ya ziweto. Dokotala amatha kudula kachidutswa kukapimitsa, koma pa sarcoid ngakhale iye amayamba waganiza, chifukwa kudula kachidutswako kumathanso kuchikwiyitsa. Choncho akakuuzani kuti sadula lero, sikuti ndi ulesi.

Njira zochizira sarcoid zilipo zingapo: kudula mozama pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, kuumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, mafuta amphamvu opha chotupa amene amapaka ndi dokotala yekha, jakisoni wa mankhwala a khansa m'chotupa momwemo, ndipo kuzungulira diso ena amabaya BCG, katemera yemwe uja wa TB amene ana athu amalandira pobadwa. Palibe njira imene imachiza nthawi zonse, ndipo mwayi waukulu uli pa kuyesa koyamba. Kulephera kulikonse kumasiya chotupa chovuta kuposa chija munayamba nacho.

Zambiri mwa njirazi n'zodula ndipo sizipezeka pafupi. Maganizo anga ndi akuti sarcoid yaing'ono, youma, yosakula, imene siili pokhudza lamba kapena pa diso, nthawi zambiri n'kwabwino kuisiya dokotala ataiona, n'kumaiyeza mwezi ndi mwezi. Bulu amatha kugwira ntchito zaka zambiri nayo. Ikayamba kukula, kunyowa kapena kutuluka magazi, pamenepo musazengereze.

Sitepe 8: Thanani ndi ntchentche ndi nkhupakupa

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ntchentche zimachuluka, makamaka kumunsi kotentha monga ku Golomoti, Mtakataka ndi Bwanje. Chotsani ndowe m'khola tsiku lililonse mukaunjike kutali, zidzakuthandizani kumunda. Chilonda cha pa mwendo chimangidwe bandeji yosathina, yosinthidwa tsiku ndi tsiku. Pamene bandeji singakhale, sokani kansalu kopepuka kophimba. Kumaso, timizere ta nsalu tolendewera kuchokera pa chingwe cha pamphumi timaingitsa ntchentche bwino ndithu. Mankhwala othamangitsa ntchentche apakidwe mozungulira chilonda, osati mkati.

Nkhupakupa zizulidwe ndi dzanja, mutagwira pafupi ndi khungu n'kukoka mowongoka. Yang'anani m'makutu, kunsi kwa mchira ndi m'mphechepeche.

Chenjezo lalikulu: werengani botolo la dibi. Mankhwala ambiri a nkhupakupa a ng'ombe ali ndi amitraz, ndipo amitraz ndi poizoni kwa akavalo. Amaimitsa matumbo, chiweto chimadzimbidwa, chimafooka, pena kufa. Bulu nayenso musamuyese. Kuti ng'ombe zasamba bwinobwino sizitanthauza kuti otsala m'pampu mupoperenso bulu. Funsani alangizi mankhwala oyenera.

Sitepe 9: Konzani chimene chinayambitsa musanabwezere pa ngolo

Goli ndi la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba lokankhira goli. Bulu alibe, mphamvu zake zili pa chifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika goli, kulemera konse kwa matumba a mbatatesi kumakhala pa fupa la khosi, ndipo potsika zitunda za ku Bembeke kapena Tsangano ngolo imamukankhanso kuchokera kumbuyo. Chilonda cha pa khosi chotere mungapake mankhwala a mtundu uliwonse, sichipola goli likadalipo.

Bulu akokere lamba wotambalala wa pa chifuwa, wosachepera zala zinayi m'lifupi, ndi kachishalo ka pa msana konyamula mitengo ya ngolo, kosakhudza fupa la msana, ndi lamba wina wa kumatako wogwira ngolo potsetsereka. Chokhudza khungu chikhale nsalu ya thonje kapena chikopa chofewa. Thumba la feteleza, chingwe cha nayiloni, waya ndi tayala zimadya khungu likatuluka thukuta. Pukutani fumbi ndi matope pa chiweto musanamange, ndipo chapani nsaluzo.

Chiweto cha chilonda chipume mpaka khungu litatseka. Ndikudziwa kuti nthawi yokumba mbatatesi sabata imodzi ya bulu ndi ndalama. Ngati n'kosatheka kumupumitsa, chepetsani katundu ndipo pindani nsalu ngati nkhata, chilonda chikhale pa bowo la pakati kuti lamba asachikhudze. Nsalu yongoyala pamwamba pa chilonda imangowonjezera kukhuza.

Zolakwika zimene timabwereza

Kumanga ndi mphira kapena ulusi. Madokotala amamanga zotupa zina za khosi lopyapyala zopanda mizu, atazipima. Ife timamanga chilichonse cholendewera, mphira n'kudutsa pakati pa chotupa, chapamwamba n'kugwa, chapansi n'kulusa. Pa chophukacho mphira umamanga matumbo.

Oilo wakuda, asidi wa batire, utomoni wa nkhadze, mankhwala otsukira mano, phulusa lotentha. Zonsezi zimatha kuononga khungu labwino n'kusiya chotupa. Nkhadze ikadontha m'diso imatha kuchititsa khungu, chiweto ngakhale inu amene.

Kuwotcha ndi chitsulo chamoto. Ululu wake bulu saiwala, ndipo chilonda chamoto ndi khomo la kafumbata.

Kubaya jakisoni wa oxytetracycline pa chotupa chilichonse chifukwa ndi amene ali m'nyumba. Sarcoid, njerewere, melanoma ndi chotupa cha magazi sizimva mankhwala amenewa, ndipo jakisoniyo payekha amatupitsa mnofu wa kavalo ndi bulu.

Lezala imodzi, singano imodzi, nsalu imodzi pa ziweto zonse za m'khola.

Kugula bulu pa msika osayang'ana kunsi kwa mimba, m'makutu ndi m'mphechepeche. Wogulitsa amakuonetsani mano ndi miyendo. Kamalo kopakidwa matope kapena oilo kapukuteni muone. Mukafika naye kunyumba akhale payekha masabata atatu asanasakanikirane ndi anzake, ndowa yakenso ikhale yake.

Kudikira mpaka chotupa chifike ngati lalanje ndiye n'kuitana alangizi. Chonga mtedza dokotala amachotsa n'kusoka khungu mosavuta. Chonga lalanje pa chikope kapena m'mphechepeche sichisiya khungu lokwanira kusoka.

Kuleka kuyang'ana chotupa chikachotsedwa. Sarcoid imatha kubwerera pa chipsera pakatha miyezi ingapo, ndipo imayamba ngati kankhanambo kosaoneka bwino. Pitirizani kujambula malowo mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, rula ili pambali, m'kope lomwe lija.